Mutu 7: Kabokosi Kakana Mwana wa Pakhomo

1. Foni ikana

"Ndani wagwiragwira kabokosi ka intaneti?" anafunsa Albertina ataima pakhomo la khitchini, foni ili m'manja.

Mayi ake anali kalikiliki kutsanulira thobwa m'ndowa. Msuweni wake Denis, wa kabaza pa Njuli, anali atadzaza chinangwa m'kamwa. Kuchokera pabalaza kunkamveka nyimbo. Linali Lachinayi, ndipo mphakati wa Rita Woyera unasonkhana kwa a Namakhwa, bambo ake a Albertina.

Wotchi ya pafoni inkati 2:20. Pa 3 koloko, Albertina ankayenera kuonekera pa vidiyo pamaso pa anthu atatu a bungwe lina la ku Blantyre, limene limaphunzitsa atsikana kuika ndi kukonza magetsi a sola. Maphunziro ake anali a chaka chathunthu, aulere. M'boma lonse la Chiradzulu munatsala malo amodzi okha, ndipo owalimbirana anali atsikana anayi. Uthenga umene anamutumizira sunabise mawu: amene sadzaoneka pa nthawi yake, mwayi wake udzapita kwa wina.

Albertina anayamba kukonzeka m'mamawa. Bulauzi yoyera anaisita kawiri. Tsitsi analukitsa dzulo lake. Kuchipinda kwake anakhoma chitenje cha buluu pakhoma kuti anthu a ku Blantyre asaone mng'alu. Zonse zinali m'malo mwake, kupatula chinthu chimodzi. Foni inkakana kulumikizana ndi wayifayi.

Foniyo ndi kabokosi ka intaneti anatumiza ndi mchimwene wake Limbikani, amene ankagwira ntchito ku Joni. Inali foni yooneka bwino, koma malo ake oikamo layini anali atafa kalekale. Popanda kabokosi kaja, inali wotchi chabe yokhala ndi kamera.

2. Yamba ndi chophweka

"Bweretsa kuno, mkazi wanga," anatero Denis atameza chinangwa chija. Pachisuweni ankamutchula choncho kuyambira ali ana. "Foni imamvera amuna."

"Wailesi ya bambo inakumveranso, eti? Chiikonzereni iwe, imalankhula pokhapokha munthu aimenye mbama."

"Koma imalankhula."

Albertina sanapereke foni. Aphunzitsi ake a sayansi ku sekondale ankakonda kunena kuti wokonza chinthu ayambe ndi chophweka, asathamangire kumasula zomangira. Iye anakhala pakhonde la kuseri nayamba chimodzichimodzi.

Poyamba anazimitsa wayifayi ya pafoni n'kuyatsanso. Dzina la kabokosi linaonekera bwinobwino: KwaNamakhwa. Analidina. Kampira kanazungulira pa sikirini, kanazungulira, kenako kanasowa. Foni inabwerera pomwe inali.

Anazimitsa foni yonse, nawerenga mpaka makumi awiri, n'kuyatsanso. Kampira kaja kanazunguliranso n'kusowa.

"Mwina yaiwala pasiwedi," anatero Denis. "Yatengera mwini wake."

Albertina analamula foni kuti iiwale kabokosiko, kenako analembanso pasiwedi pang'onopang'ono, akusamala zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Foni sinanene kuti walakwitsa. Inangokana ngati poyamba.

"Kapena bando yatha," anatero Albertina. "Taona yako."

Denis anatulutsa foni yake monyadira. Inali italumikizana kale ndi kabokosi komweko. Anatsegula vidiyo ya mpira. Inayenda mokoka mwendo, ikuimaima, koma inayenda.

"Waona? Yanga ikudya. Vuto ndi yakoyo. Yafa basi. Tiyeni tikaigulitse kwa anyamata a pa Njuli achotse zipangizo."

"M'mawa inkagwira," anatero Albertina. "Ndinalankhula ndi achimwene 10 koloko. Nditadya nkhomaliro inkagwiranso. Kabokosi n'kamoyo, bando ilipo, pasiwedi ndi yomweyo. Ndiye chasintha n'chiyani?"

Denis anakweza mapewa. Wotchi inkati 2:34.

3. Nambala ya pawindo

Kabokosiko kankakhala pawindo la pabalaza, pamwamba pa kansalu koluka, chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkafika mwamphamvu. Kanali kakang'ono ngati sopo wosambira, ndipo kanali ndi kagalasi koonetsa zizindikiro.

Albertina anazungulira nyumba mozemba, nawerama pansi pa windo kuti anthu opemphera asamuone. M'katimo munali anthu oposa makumi awiri. Amayi anakhala pamphasa, abambo pamipando. Bambo ake anali kuwerenga Mawu, magalasi ali pamphuno.

Anasuzumira pa kagalasi kaja. Batire linali lodzaza. Timizere ta netiweki tinali tinayi. Pakona panali kachithunzi ka foni, ndipo pambali pake panali nambala: 10.

Anabwerera ku khitchini akuthamanga.

"Amayi, katoni imene munabwera kabokosi ija ili kuti?"

"Ndinasungamo mbewu ya nandolo. Usakhuthule."

Katoniyo inali pamwamba pa kabati. Albertina anaitembenuza mosamala, nandolo akulira m'kati, nawerenga zolembedwa kumbali kwake. Kenako anaseka kuseka kwa munthu amene wapeza njoka yomwe amaifuna.

"Kabokosika kamalandira mafoni khumi okha. Ya khumi ndi imodzi kamaikana, ngakhale ikhale ya mwini nyumba."

"Mafoni khumi achokera kuti?" anafunsa Denis. "Anthuwo akupemphera. Palibe wagwira foni."

"Safunika kuigwira. Ukukumbukira mwezi wa Januwale?"

Denis anavomera ndi mutu. Ankakumbukira.

Mu Januwale, kabokosi katangofika, mphakati unasonkhananso panyumba pomwepa. Mapemphero atatha, a Namakhwa anaimirira, nakweza kabokosiko m'mwamba kuti aliyense akaone.

"Abale anga," anatero tsiku limenelo, "kale moto ukazima m'nyumba, mayi ankatuma mwana ndi phale kukapala kwa mnansi. Palibe ankafunsa kuti nkhuni zanu zili kuti. Munthu womana moto ankadziwika mudzi wonse, ndipo tsiku la maliro ake anthu ankakumba manda mochedwa. Kabokosi aka ndi moto. Tonse pano tili ndi ana kutali, ena ku Joni, ena ku Lilongwe, ena kumene sitikudziwa n'komwe kutchula kwake. Wofuna kumva mawu a mwana wake abwere, akhale pakhonde panga, apale. Sindidzafunsa. Koma chinthu chimodzi ndikuchenjezani, inu ndi ana a m'nyumba muno omwe: palani ndi foni, osati ndi manja. Kabokosika sakagwira munthu wina koma ine."

Atatero anawerenga pasiwedi mokweza katatu, ngati chilengezo cha kutchalitchi, ndipo Denis yemweyu ndi amene anazungulira kuilemba m'mafoni a onse.

Chiyambire tsiku limenelo anthu ankabwera mmodzimmodzi, awiriawiri. Lero ndi pamene anabweranso onse pamodzi. Mafoni awo anali m'zikwama, m'matumba a jekete, ena omangidwa pa mfundo ya chitenje. Eni ake ankapemphera, koma mafoniwo anakumbukira pakhomo pamene anadyapo kale, nalowa okha osaodira.

4. Njira ya Denis

"Ndichotsa yanga, iwe ulowe," anatero Denis.

Anapita onse pawindo paja. Denis anazimitsa wayifayi yake. Nambala inatsika kufika pa 9. Albertina anadina msanga, koma kampira kasanamalize kuzungulira, nambala inabwerera pa 10. Foni ina m'chikwama cha munthu inali ikudikira pamzere.

"Alipo angati m'menemo?" ananong'ona Denis.

"Oposa khumi. Ndipo ngakhale nditalowa, waona mmene mpira wako umayendera. Onsewo akukoka mauthenga a sabata yathunthu. Anthu a ku Blantyre aziona nkhope yanga itauma ngati chithunzi cha pa chiphaso."

Wotchi inkati 2:43. Anabwerera kuseri kwa nyumba.

Denis anayesanso foni yake kangapo, ndipo mwamwayi inapeza mpata n'kulowa. Maso ake anawala.

"Tamvera, mkazi wanga. Ine ndili m'kati. Kuchokera pafoni yangayi ndikhoza kulowa m'mutu mwa kabokosi n'kusintha pasiwedi. Mphindi ziwiri. Onsewo agwa ngati mango, utsala iwe wekha. Ukamaliza ndibwezera. Palibe adziwe, ngakhale amalume."

Albertina anayang'ana wotchi. Anayang'ana chala cha Denis, chimene chinali kale pa sikirini.

Mayi ake, amene ankapukuta makapu pakhomo la khitchini, sanakweze mawu.

"Mwana wanga, ndamva zimene akukuuza msuweni wakoyu. Ine za mapasiwedi sindizidziwa, koma za anthu ndimazidziwa. Denis akuti abwezera. Pa wailesi paja anatinso abwezera. Akalephera, madzulo ano a Dainess, apampando a mphakati, abwera kudzakhala pakhonde kuti amve mawu a mwana wawo, ndipo apeza chitseko chotseka. Adzati chiyani? Adzati a Namakhwa analankhula za moto pagulu, kenako anauzimitsa kuseri. Ndipo ngakhale atabwezera bwinobwino, iwe udzadziwa kuti unatulutsa alendo m'nyumba ya bambo ako osawauza. Chochita mobisa lero chimafuna kubisidwanso mawa. Anthu ali m'katimo ndi amene anakunyamula pa ubatizo. Ndi amene anatikololera chimanga chaka chimene bambo ako anagona kuchipatala cha mishoni. Sanabwere kudzakulanda mwayi wako. Sakudziwa n'komwe kuti akukutsekereza. Safunsa anadya phula. Pakamwa uli napo, mawondo uli nawo."

"Azakhali, nthawi," anatero Denis.

"Nthawi ndikuiona. Albertina, ukasankha kulowa, usalowe pakati pa Mawu. Dikira atseke buku."

Pabalaza mawu a bambo ake anali kupitirira. Kunalibe wodziwa kuti ndime yake italika bwanji.

Albertina anatambasula dzanja, natenga foni ya Denis, naiika m'thumba la siketi yake.

"Iwe!" anatero Denis.

"Uitenga ndikamaliza."

Anamanga chitenje pamwamba pa siketi, napita kukaima pakhomo la pabalaza.

5. Lichero

Anaima pamenepo mphindi zitatu zathunthu. Thukuta linayamba kunyowetsa bulauzi yositidwa kawiri ija. Pomaliza a Namakhwa anati, "Mawu a Ambuye," onse nayankha, ndipo buku linatsekedwa.

Albertina analowa chogwada, nakwawa mpaka pamaso pa mayi Dainess, wapampando wa mphakati, mayi wamtali amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa msewu ngakhale akunong'ona. Nkhope ya bambo ake inachita mdima.

"Pepani amayi, pepani makolo anga nonse," anatero Albertina akuomba m'manja pang'onopang'ono. "Ndalowa pakati pa mapemphero chifukwa ndili pa vuto. Pa 3 koloko ndikufunsidwa mafunso a maphunziro aja a ku Blantyre. Kabokosi kamalandira mafoni khumi okha, ndipo mafoni anu alowa kale onse. Yanga yatsala panja."



"Ine foni yanga sindinaigwire!" anatero a Silvesta, mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene ankakhala pampando wapafupi ndi chitseko. "Ili m'thumba muno chichokereni kunyumba. Mwana ameneyu akutinamizira."

"Simunaigwire, agogo. Imalowa yokha. Ikangofika pakhomo pano imakumbukira."

"Ngati mbuzi ya a Silvesta yomwe," anatero mayi wina pamphasa. "Nayonso imalowa yokha m'munda mwanga."

Anthu anaseka, ngakhale a Namakhwa anabisa pakamwa ndi buku.

"Nthawi ili bwanji?" anafunsa mayi Dainess.

"Kwatsala mphindi zisanu ndi zinayi."

"Tichite chiyani? Lankhula msanga."

"Mukanazimitsa mafoni onse, zikanatheka."

Pamenepo panabuka phokoso. Mayi wina anati yake ikazima imafuna manambala amene amawadziwa ndi mdzukulu wake yekha, ndipo mdzukuluyo ali ku Namitambo. Wina anati batani lake linathyoka, amaiyatsa ndi singano kwa wokonza mafoni. A Silvesta anagwira thumba lawo ndi manja awiri.

"Yanga chiyatsireni mwana wanga pa Khrisimasi, sinazimepo. Izime lero chifukwa cha chiyani? Ikakana kudzuka?"

Albertina anayang'ana mafoni amene anayamba kutuluka m'zikwama. Onse anali osiyana, ena osweka magalasi, ena okutidwa m'mapepala apulasitiki. Kufufuza wayifayi pa iliyonse kukanamudyera nthawi yonse yotsala.

"Musazimitse," anatero. "Kabokosika sikaona patali. Mafoni akangopitirira khola la mbuzi, kawataya."

Mayi Dainess sanafunsenso kanthu. Anatembenukira kukhomo.

"Mayi a Limbikani! Bweretsani lichero!"

Lichero linabwera. Mayi Dainess anayamba kuponyamo yawo, kenako analiyendetsa ngati mbale ya chopereka. Bambo ake a Albertina anaikamonso yawo. Albertina anatulutsa ya Denis naiwonjezera. Onse pamodzi anakwana khumi ndi anayi. Yomaliza inali ya a Silvesta, amene anaiika pamwamba pa ena onse ngati dzira.

"Kumene ipite, inenso ndipita," anatero akufufuza ndodo yawo.

Mayi ake a Albertina anasenza lichero pamutu natsika njira ya kudimba. A Silvesta anawatsata pambuyo, akukuwa kuti ayende bwino pali miyala. Denis naye anawatsatira, maso ali pa foni yake.

Albertina anayang'ana pa kagalasi. Nambala inali idakali pa 10. Lichero linapitirira khola. Nambala sinasunthe.

"Bambo," anatero atagwadanso, "kakuganizabe kuti alendo alipo. Kakufunika kuzimitsa ndi kuyatsanso."

A Namakhwa anamuyang'ana mwana wawo, nayang'ana wotchi ya pakhoma. Kenako ananyamula kabokosi pa kansalu kake namupatsira ndi manja awiri.

"Gwira," anatero. "Ukudziwa ndiwe."

Albertina anadina batani. Kagalasi kanada. Anadinanso. Kanayamba kudzuka pang'onopang'ono ngati munthu wogona masana. Anthu onse anatambasula makosi. Kunabwera chizindikiro cha batire, kenako timizere ta netiweki, kenako nambala: 0.

Anadina dzina lija pafoni yake. Kampira kanazungulira kamodzi kokha. Nambala inasintha kukhala 1.

"Yalowa!"

Mayi wina anayamba nthungululu, koma mayi Dainess anamudula ndi dzanja.

"Nthungululu pambuyo. Thamanga, mwana iwe. Ife tipemphera chapansipansi."

Wotchi inkati 2:58.

6. Mafunso

Albertina anakhala pampando kutsogolo kwa chitenje cha buluu chija, natsamiritsa foni pa mulu wa mabuku ake a Fomu 4. Anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa chitenje. Pa 3 koloko yeniyeni, nkhope zitatu zinaonekera pa sikirini: amayi awiri ndi bambo mmodzi wa dazi. Zinkaoneka bwino ngati ali m'chipinda momwemo.

Anamufunsa dzina, sukulu, ndi chifukwa chimene ankafunira maphunzirowa. Bambo wa dazi anamufunsa kusiyana kwa batire zolumikiza motsatizana ndi zolumikiza mogundana mbali, ndipo iye anajambula papepala n'kuonetsa ku kamera.

Kenako mayi wachikulire wa magalasi anaweramira kutsogolo.

"Tinene kuti waitanidwa kunyumba ina. Akuti sola yawo inkagwira m'mawa, koma tsopano babu sakuyaka. Uli ndi chikwama chodzaza zida. Uyamba ndi chida chiti?"

"Sindiyamba ndi chida," anayankha Albertina. "Ndiyamba ndi kufunsa eni nyumba kuti chasintha n'chiyani kuyambira m'mawa. Mwina abwera alendo n'kulumikiza zinthu zambiri. Ndikatero ndiona zophweka kaye: switchi, babu, waya. Kumasula ndi komaliza."

"Nanga eni nyumba atakhala akuluakulu, amene sakufuna kuuzidwa ndi mtsikana kuti vuto ndi iwowo?"

"Ndigwada, koma ndiwauzabe."

Mayi uja anayang'ana anzake. Bambo wa dazi analemba kanthu papepala.

"Kumbuyo kwakoko tikumva ngati anthu akung'ung'udza. Kuli maliro?"

"Ayi, amayi. Ndi mphakati. Akupemphera kolona."

"Auze asasiye. Iwe ndiwe womaliza kufunsidwa, choncho usachoke. Tidikire pang'ono."

Sikirini inada, koma timizere ta wayifayi tinakhalabe todzaza. Albertina anakhala manja ali pamiyendo. Kuseri kwa khoma mawu a anthu ankakwera ndi kutsika pamodzi. Kunja tambala analira nthawi yolakwika.

Patapita mphindi zisanu ndi ziwiri nkhope zija zinabweranso.

"Albertina Namakhwa," anatero mayi wa magalasi, "malo a Chiradzulu ndi ako. Maphunziro ayamba Lolemba likubwerali, 8 koloko m'mawa. Malo ogona sitipereka, udzipezere wekha. Usachedwe."

7. Lolemba

Albertina atatulukira pakhomo la pabalaza, sanafunike kulankhula. Mayi Dainess anaona nkhope yake, naimika kolona m'mwamba.

"Tsopano imbani nthungululu zija!"

Nyumba inagwedezeka. Amayi anadzuka pamphasa n'kumuzungulira akuvina. Wina anamukoleka chitenje paphewa. Phokosolo linafika mpaka kudimba, ndipo posakhalitsa lichero linaoneka likukwera njira, mayi ake akuyenda mothamanga kuposa mmene anapitira, Denis akuwagwirira m'mbali kuti mafoni asagwe.

A Silvesta anafika pomaliza, akupuma mwawefuwefu.

"Mafoni atatu analira tili kumeneko," anatero. "Ndinayankha imodzi poyesa yanga. A Dainess, mpongozi wanu akuti nkhuku ija musaiphe."

Thobwa linagawidwa. Aliyense anafufuza foni yake mu lichero, ndipo panali kukangana pang'ono pa ziwiri zofanana. Denis anapukuta yake ndi malaya.

"Njira yanga ikanatenga mphindi ziwiri," anauza Albertina chapansipansi.

"Ikanakhala yako. Iyi ndi ya anthu khumi ndi anayi, ndipo onse azinena kuti anandipititsa ku Blantyre ndi iwo."

Mayi Dainess anaomba m'manja kuti anthu akhale chete, namuitana Albertina kuti akhale pafupi nawo.

"Mwana wanga, lero wationetsa kuti mutu uli nawo. Koma tamvera. Ku tauni ukupitako kuli a Denis ambiri, ndipo si onse amene ali asuweni ako. Adzakuuza kuti pali njira ya mphindi ziwiri: ya mayeso, ya ntchito, ya malo ogona. Adzati palibe adziwe. Ukamva mawu amenewo, gwira chikwama chako uchokepo. Ukakhala pa vuto, pita pakhomo la kutsogolo, unene vuto lako masana anthu akuona. Ena adzakuseka, ena adzakukana, koma sudzasowa wokusenzera lichero. Ndipo ukaphunzira za magetsizo, usaiwale kuti tchalitchi chathu chaching'ono chija timapempheramo ndi tochi."

"Ndamva, amayi."

"Ine ndatchulidwa ngati chitsanzo choipa, thobwa ndisanamalize," anadandaula Denis. Anthu anasekanso.

A Namakhwa anabwezera kabokosi pa kansalu kake, nakakonza kuti kayang'ane bwino kumsewu. Anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Atawavalanso, mawu awo anali a munthu amene wakonza kale zonse.

"Za malo ogona zisakuvute. Ndiimbira foni mlamu wanga Kassim ku Bangwe madzulo ano. Nyumba yake ndi yaikulu, ndipo minibasi imaima pakhomo. Ukakhala kumeneko chaka chonsecho."

Anthu anavomereza ndi mitu. Mayi ake a Albertina okha ndi amene anayang'ana pansi, nayamba kusonkhanitsa makapu amene anali asanathe.

Albertina anaika kapu yake pamphasa. Anagwada kachitatu tsiku limenelo, pamaso pa bambo ake, ndipo analankhula momveka kuti aliyense amve.

"Bambo, ku Blantyre ndipita Lolemba. Koma kwa a Kassim sindikagonako, ngakhale usiku umodzi. Nditagonako chaka chatha, iwo anandiuza mawu omwe aja akuti palibe adziwe."